Telala wa ku Surabaya Ayeza Mtengo

Mvula ikugogoda malata a Surabaya,
magetsi athima, makina anga agona.
Ine Lastri, telala wa m'kanjira ka kuseri kwa msika,
ndayala pepala lodulira madiresi patebulo,
choko m'manja, foni yatsamira chitini cha mabatani.

Mlamu wanga Purnomo anabwera dzulo, thukuta kamukamu:
"Sheya imodzi marupiya 62 okha!
Ngakhale batani ndi lodula kuposa pamenepo.
Kampani ya matabwa, mlamu. Gula lero, udzandithokoza."
Ndinamupatsa tiyi. Yankho ndinasunga.

Munthu sindimudulira nsalu ndisanamuyeze.

Ndiye ndatsegula mbiri ya mtengo, zaka zisanu ndi zitatu,
manambala othithikana ngati ulusi wa pampendero:
tsiku, potsegulira, pamwamba, pansi, potsekera,
ndipo kumapeto, kumene maso a Purnomo safika,
kuchuluka kwa masheya amene anasinthadi manja.

Mwezi uliwonse kadontho kamodzi ka choko.
Chaka choyamba kali m'mwamba, paphewa, mazana asanu ndi anayi.
Chachiwiri katsikira m'chiuno.
Chachitatu kapitirira mawondo osapuma,
kenako kagona pansi pa makumi asanu,
ndoo, miyezi makumi atatu,
msoko wowongoka umene palibe anaunyadira.

Katatu konse mzere unadzambatuka.
Masiku asanu ndi limodzi, mtengo kuwirikiza kawiri,
lachisanu ndi chiwiri, phii, pansi.
Ndayang'ana kumapeto kuja:
sabata ziwiri phokoso lisanayambe
wina ankagula mwakachetechete,
ndipo tsiku limene khamu linathamangira pakhomo
iye ndi amene ankagulitsa.
Sindimudziwa dzina, koma mapazi ake ndawaona.

Pena mtima unandidumpha:
usiku umodzi, mtengo kukwera kasanu!
Ndavala magalasi, ndawerenga timalemba ta m'munsi.
Anangolumikiza masheya asanu kukhala imodzi.
Nsalu ndi yomweyo, asintha tepi yoyezera.

Masiku ena, ambirimbiri, palibe anagula.
Ziro, ziro, mazana atatu, ziro.
Khomo lolowera ndi chipata cha bwalo la mpira,
lotulukira ndi diso la singano,
ndipo ulusi wanga ndi ndalama ya lendi.

Purnomo amati, "Ikagwa idzagwa ndi zingati? Khumi ndi ziwiri?"
Ndawerengera pakona pa pepala:
khumi ndi ziwiri pa 62,
pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.
Ndani angandibwezere diresi losowa mkono
ndi kundiuza kuti ndi kansalu kochepa chabe?

Komabe pepalali ndisalipembedze.
Mwezi watha mayi Wulandari anandibweretsera muyeso wakale
wa mwana wawo, wolembedwa bwinobwino.
Mwana atafika, anali atapitirira mayi ake msinkhu.
Manambala sananame; ananena za dzana.
Choko changa chikudziwa kumene mtengo unadutsa,
kumene ukupita sichinafikeko.
Kodi macheka akuliradi kufakitale?
Ngongole ya kubanki yatsala ingati?
Zimenezo zili m'malipoti, masamba makumi asanu ndi awiri,
ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndajambula mizere iwiri yofiira.
Wapansi: ukafika apa ndituluka, osalira, osakambirana.
Wapamwamba: ukafika apa nditenga zanga, osayang'ana m'mbuyo.
Pakati ndalemba ndalama ya mayunifolomu awiri,
imene ikatayika ndidzagonabe tulo.
Ndipo ngakhale imeneyo idikire Lolemba,
ndithe kaye masamba aja.

Foni yanjenjemera. Purnomo: "Wafika 64! Wachedwa!"
Ndayang'ana kumapeto. Agula anthu ochepa,
okwana m'kabasi kamodzi ka kumsika.

Babu laphethira, magetsi abwera.
Ndapinda pepala, ndalibaya ndi phini pakhoma,
pambali pa miyeso ya makasitomala ena.
Siketi ya mayi Wulandari ikufunika mawa m'mawa,
ndipo mtengo wake ndikuudziwa.